Zilonda za m'matope pa miyendo ya kavalo ndi bulu: mmene ndimachitira dzinja likafika

Kavalo amene ndimasamala pa famu ina cha kuno ku Ngabu ali ndi miyendo iwiri yakumbuyo yoyera, ngati wavala masokosi. Zaka ziwiri zotsatizana, Januwale akangolowa, miyendo yomweyo inkachita nkhanambo kumbuyo kwake, pamwamba pang'ono pa chiboda. Ndinkatsuka ndi sopo madzulo aliwonse, ndinkapaka chilichonse chimene munthu wandiuza, zilonda n'kupola cha mu Meyi, ine n'kumadzitama kuti ndachiza. Chaka chotsatira zomwezo. Abulu awiri okoka ngolo nawonso anayamba.

Chinanditsegula maso ndi namondwe Ana, mu Januwale 2022. Madzi atalowa m'khola tinasamutsira ziweto pa chitunda cha mchenga, pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo zinakhala pamenepo masabata atatu. Mankhwala ndinalibe, misewu inali itaduka. Pobwerera, miyendo ya kavalo inali itauma, nkhanambo zikuyoyoka zokha. Ndiye kuti zaka zonsezo ndinkalimbana ndi chilonda, kusiya malo amene chiweto chimagona chiimirire.

M'mabuku a Chingerezi vutoli amalitcha mud fever, ngakhale kuti nthawi zambiri chiweto sichitentha thupi. Ku Britain ndi ku Ireland limavuta m'miyezi yozizira, kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene mabusa awo amasanduka phala. Kumeneko amazunzika kwambiri ndi akavalo akuluakulu a ubweya wambiri m'miyendo, monga mtundu wotchedwa Shire, womwe ukungofanana kalembedwe ndi mtsinje wathuwu, ubale palibe. Kuno kuchigwa cha Shire miyeziyo ndi yomweyo pafupifupi, Disembala mpaka Epulo, koma ife tili ndi zowonjezera: kutentha, ntchentche, ndi dothi la makande lomwe limakakamira kumwendo ngati ulimbo. Komanso matope athu sadikira mvula yathu. Igwe ku Mulanje kapena ku Thyolo, Ruo ndi Shire atibweretsera madzi, ndipo pa chigwa chathyathyathya chino madzi akafika sachita changu kuchoka.

Khungu likakhala lonyowa masiku angapo limafewa n'kuyezuka, monga zimachitira zala za kumapazi munthu ukatandala m'munda wa mpunga. Mchenga wa m'matope umalipala, timing'alu n'kutseguka, tizilombo n'kulowa. Kachilombo kotchuka pa nkhaniyi ndi bakiteriya wotchedwa Dermatophilus congolensis, amene dokotala wa ziweto wa ku Belgium, Van Saceghem, anamupeza pa ng'ombe ku Congo mu 1915. Ndi yemweyo amene amachititsa nkhanambo zokhuthala pamsana pa ng'ombe nthawi ya mvula. Pouma amangogona m'nkhanambo, miyezi yambiri osafa. Chinyezi chikabwera amadzuka n'kuyamba kufalikira. Sakhala yekha, mabakiteriya ena monga Staphylococcus amalowererapo, koma onsewo khomo lawo ndi limodzi, khungu lonyowa ndi long'ambika.

Yambani ndi zala, osati maso okha

M'mawa, musanamange ngolo kapena kutulutsa chiweto, gwirani mwendo uliwonse. Imani pambali, osati kumbuyo, dzanja liyambire paphewa kapena pantchafu n'kumatsetsereka, kuti chiweto chidziwe kuti mukubwera. Pakati pa kakolo ndi chiboda, chakumbuyo, pali kakhwawa kamene khungu limapindika. Lowetsani chala mmenemo. Vuto likamayamba mumamva kutentha, ubweya umakhala womatana, ndipo pansi pake pamamveka timabuluzi ngati njere za mapira. Chiweto chimakoka mwendo mukakhudza. Pa mwendo woyera khungu limaoneka lofiira psuu. Zikapitirira pamabwera nkhanambo, ndipo ukaizula imachoka ndi kamtolo ka ubweya, pansi pake pali ponyowa ndi mafinya.

Onaninso ngati ndi matope okhadi. Chiweto chikamapondaponda pansi mwamphamvu, kukhulitsa mwendo wina pa unzake kapena kudziluma, mwina muli tinthata toyambitsa mphere, ndipo mankhwala ake ndi ena. Chilonda chikazungulira mwendo ngati chibangili, wolakwa ndi chingwe. Zilonda zikagwira miyendo yoyera yokha, ndi pamphuno poyera pomwe, n'kumakula dzuwa likawomba, pangakhale vuto la chiwindi kapena zomera zapoizoni zimene chadya, ndipo zimenezo n'za a vetenale. Yang'ananinso nkhupakupa, zimakonda kubisala m'kakhwawa komweko.

Anthu kuno akaona chilonda pafupi ndi chiboda maganizo amathamangira ku matenda aja a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amatsekeretsa misika ya ng'ombe ku Chikwawa ndi Nsanje. Kavalo ndi bulu sadwala amenewo. Amagwira za ziboda zogawanika: ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba.

Pezani pouma musanagule botolo lililonse

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu amadumpha chifukwa pamafuna khasu ndi wilibala. Chiweto chipeze malo oti chiime maola ambiri, makamaka usiku wonse, mapazi ali pouma. Sikuti mumange khola la simenti. Ine ndinasankha ngodya yokwererapo ya khola, mamita atatu uku ndi atatu uku pa chiweto chimodzi. Ndinapala matope ndi ndowe zonse mpaka kufika pa dothi lolimba. Pansi ndinayala zidutswa za njerwa, pamwamba pake dothi la pachulu lotsendera bwino, kenako mchenga wa kumtsinje. Malowo akwere kufika kutalika kwa chikhatho ndi theka kuposa pozungulira, ndipo apendekeke pang'ono kuti mkodzo uzitsika. Kumbuyo kumbani ngalande yotulutsira madzi kunja kwa khola.

Denga ndi lofunika, la udzu, la mlaza kapena lona, koma m'mbali musatseke. Kutentha kwa kuno, khola lotsekedwa limasanduka mphika, ndipo mphepo ndi imene imaumitsa miyendo. Kwa bulu denga ndi lofunika koposa. Makolo ake ndi a kuchipululu, ubweya wake umalowa madzi msanga kuposa wa kavalo, ndipo ziboda zake zimamwa madzi n'kufewa. Bulu wosiyidwa pamvumbi amadwala msana ndi mapazi nthawi imodzi.

Pamwamba pa mchenga mutha kuwaza mankhusu a mpunga kapena udzu wouma, bola muzichotsa ponyowa tsiku lililonse. Ndowe zituluke m'mawa ndi madzulo. Matope osakanikirana ndi mkodzo ndi oipa kuposa matope a kumunda, amawotcha khungu.

Pali malo awiri amene ndinachedwa kuwazindikira: pachipata ndi pomwera madzi. Chiweto chimatha kukhala pouma usiku wonse, m'mawa n'kukaima theka la ola pachipata, m'thope lofika m'kakolo, kudikira chakudya. Thirani zidutswa za njerwa pamenepo, ndipo beseni lomwera muzilisuntha.

Kumeta ndi kuchotsa nkhanambo

Konzani zonse musanagwire mwendo: sizasi, beseni, madzi owiritsa amene afunda, mankhwala otsukira, nsanza zoyera zingapo kapena mathawulo akale ochapa, nyuzipepala yakale yolandirira nkhanambo, ndi magolovesi. Magolovesi akasowa valani timajumbo m'manja. Kachilomboka kamatha kulowa pa khungu la munthu ngati pali bala. Pakhalenso munthu wina wogwira kumutu, amene chiwetocho chinamuzolowera.

Ngati mwendo uli ndi matope, adikireni aume, muwachotse ndi bulashi yofewa. Kenako metani ubweya kuzungulira chilonda, kupyola malire ake ndi zala ziwiri, kuti mphepo ndi mankhwala zifike pakhungu. Sizasi igone chafufumimba, nsonga isaloze khungu.

Madzi otsukira alipo a mitundu itatu, sankhani amene mungapeze. Abwino ndi a chlorhexidine. Ngati pa botolo palembedwa 4 peresenti, sungunulani gawo limodzi m'magawo 40 a madzi, ndiye kuti masipuni a tiyi asanu mu lita imodzi. Wachiwiri ndi ayodini wa povidone, wothira m'madzi mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka wopanda mkaka. Zonsezi zikasowa, mchere: masipuni a tiyi awiri osasefukira mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Musawonjezere poganiza kuti achira msanga. Mankhwala okhuthala amapha khungu latsopano limene likufuna kumera.

Viikani nsanza, ikulungeni pamwendo, dikirani mphindi 10. Nkhanambo zikafewa, zikankheni ndi chala pang'onopang'ono. Zimene zakonzeka zimachoka zokha. Imene yakana isiyeni, mudzaipeza ulendo wina. Chaka choyamba ine ndinkazula zonse ndi chikhadabo, magazi n'kumatuluka, ndipo kavalo anafika poti akangondiona ndi beseni makutu amagona chagada. Zinanditengera mwezi kuti andilolenso kugwira mwendo. Nkhanambo zouma gwa mungazipake mafuta a zilonda madzulo, m'mawa mudzazipeza zafewa.

Zonse zimene zagwera pa nyuzipepala muzitenthe. Zikagwera m'khola ndiye mwabzala mbewu ya chaka chamawa. Tsukuluzani mwendo ndi madzi oyera ofunda.

Umitsani, ndipo musabwereze kutsuka tsiku lililonse

Pukutani mosisita pang'ono, mochita kudinda, nsanza ina pa mwendo wina. Nsanza imodzi pa miyendo yonse inayi imasamutsa matenda. Kenako chiweto chiime pamthunzi podutsa mphepo mpaka mutayika kuseri kwa dzanja m'kakhwawa kaja n'kumva kuti mwauma. Nsanzazo muziwiritse ndi kuziyanika padzuwa.

Kutsuka kotere kuchitike kamodzi pa masiku awiri kapena atatu, ndipo nkhanambo zikatha, lekani. Apa m'pamene ndinkalakwa kwambiri. Madzulo aliwonse ndinkathira ndowa ya madzi a pamjigo, sopo thovu tholo, n'kulowetsa kavalo m'khola miyendo ikudontha. Ndinkachita ndi manja anga zimene matope amachita.

Chopaka

Pa khungu louma ndi loyera pakani mafuta opha tizilombo, mopyapyala, kamodzi kapena kawiri patsiku. A silver sulfadiazine, aja amapaka pa mabala a moto, amagwira bwino ntchito. Pamene pakungofiira popanda mafinya, mafuta a zinki, amene amayi amapaka makanda akasupuka ndi thewera, amakwanira. Musanapake atsopano pukutani akale ndi nsanza youma.

Vaseline ndi mafuta ena otchinga madzi ali ndi malo ake, koma malowo si pachilonda chonyowa. Ukapaka pa khungu lachinyezi umatsekera madzi ndi tizilombo mkati, pofunda, popanda mpweya, pamene tizilomboto timakonda. Ntchito yake ndi kuteteza mwendo wabwinobwino kapena wopola kale, wouma, chiweto chisanatuluke, ndipo madzulo achotsedwe.

Bandeji ine sindimanga pokhapokha a vetenale atanena. Kutentha kwa kuno mwendo umachita thukuta mkati, ndipo bandeji yothina imavulaza kuposa chilondacho. Koma chilonda chosaphimba chimaitana ntchentche, choncho muziyang'ana kawiri patsiku. Mukaona kabowo kotuluka madzi ofiirira ndi fungo, muli mphutsi, zichotsedwe tsiku lomwelo.

Tsopano zimene simuyenera kupaka. Atsibweni anga, amene aweta ng'ombe moyo wawo wonse, atandipeza ndikulimbana ndi mwendo wa bulu anati, "Mphwanga, ukuvutikiranji? Kapemphe oyilo wakutha ku chigayo, upake. Ng'ombe zathu timatero." Ndinati, "Chabwino atsibweni, ndiyesa." Ndinayesadi. Ntchentche zinathawa tsiku limodzi, koma khungu linatupa, mchenga unamatirira pa oyiloyo, ndipo chilonda chimene chinali ngati ndalama yachitsulo chinakula ngati chikhatho. Oyilo wa mu injini, palafini, madzi a batire, zonsezi zimawotcha.

Choopsa kuposa zonse ndi dipi. M'makola ambiri kuchigwa kuno muli botolo la mankhwala ophera nkhupakupa pa ng'ombe, ndipo dzanja limathamangira pomwepo. Werengani chizindikiro. Ngati palembedwa amitraz, asayandikire kavalo kapena bulu, ngakhale wosungunula. Amaimitsa matumbo, chiweto chimadzimbidwa, mimba kupweteka, ndipo chimatha kufa. Pampu imene munapopera ng'ombe isagwire ntchito pa bulu. Chimodzimodzi jakisoni wa ng'ombe uja wa oxytetracycline wokhalitsa m'thupi, musabaye nokha pa kavalo kapena bulu.

Pamene muyenera kuitana a vetenale

Zilonda zazing'ono, chiweto chikakhala pouma, zimayamba kusintha mkati mwa sabata imodzi, ndipo zimapola m'masabata awiri kapena atatu. Masiku 10 akadutsa popanda kusintha, kapena zikukwera mwendo, pitani kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu. Likulu la zaulimi la chigwa chino, Shire Valley ADD, lili pa Ngabu pompano, ndipo ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko angakulozereni munthu wake. Iwo angapale khungu kuti aone ngati muli tinthata, ndipo ndi amene angasankhe jakisoni ndi mlingo wake.

Koma pali zizindikiro zosadikira mawa. Mwendo ukatupa kuchokera pachiboda mpaka pabondo, wotentha, chiweto chikutsimphina kapena kukana kuuponda, tizilombo talowa mkati mwa mnofu. Yezani kutentha kwa thupi ngati muli ndi choyezera: kavalo wabwino amakhala pa madigiri 37.5 mpaka 38.5, bulu amatsikirapo pang'ono, cha m'ma 37. Zikapyola apo, imbani foni. Bulu ndi wopirira moipa, salira, sagudubuzika, amangozyolika mutu n'kumatola udzu osameza. Bulu amene wasiya kudya ndi wodwala kwambiri, ngakhale akuoneka wofatsa.

Funsaninso za katemera wa kafumbata. Kachilombo kake kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, kamalowera pa mabala ngati amenewa, ndipo kavalo ndi bulu amagwidwa msanga kuposa ziweto zambiri. Amabaya kawiri, motalikirana masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kenako pakatha chaka. Chiweto chikauma nsagwada ndi kuimika mchira, nthawi zambiri mwachedwa.

Kuti Januwale wamawa zisabwerere

Chingwe chichoke kumwendo. Ambiri timamangirira bulu pa kakolo ndi chingwe cha nayiloni, pa malo enieni amene vutoli limayambira. Chikanyowa n'kumata mchenga chimacheka ngati sowo. Mangani kumutu, ndi chingwe chofewa kapena lamba wa nsalu, ndipo chikhomo muzichisuntha chiweto chisanapondeponde malowo kukhala thope. Pa abulu anga awiri kusintha kumeneku kokha kunathetsa theka la vuto.

Ntchito nayonso iganiziridwe. Ndikudziwa kuti dzinja ndi pamene ngolo imafunika, njinga zamoto zikatitimira m'makande anthu amafuna bulu. Walira mvula walira matope, ndipo ndalama ya ngolo imabwera ndi matope omwewo. Koma bulu wa zilonda zosapola asalowe m'thope, apume sabata imodzi kapena ziwiri. Amene ali bwino, akaweruka aime pouma, matope aume, muwachotse ndi bulashi, mutokosole pansi pa ziboda. Mukamva fungo lowola ndi kuona zakuda zonyowa m'mbali mwa kanyama ka pakati pa chiboda, pansi payambanso kuola, ndipo mankhwala ake oyamba ndi omwewo, pouma. Ngati mwawoloka madzi akuya ndipo simungachitire mwina koma kutsuka, tsukani ndi madzi okha n'kupukuta.

Bulashi, nsanza ndi zingwe za chiweto chodwala zisagwire chinzake. Mwendo umene unadwalapo umakhala ndi khungu lokhuthala losachedwa kung'ambika, choncho umenewo ndi woyamba kuugwira m'mawa.

Khola ndimalikonza mu Okutobala. Inde, ndi nthawi imene kuno kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo palibe amene amafuna kukankha wilibala, koma mchenga wa kumtsinje umatapika mosavuta, makande ali gwa, ndipo ndimagwira m'mamawa dzuwa lisanakwere. Mu Novembala ziboda zidulidwe bwino, zazitali zimasunga matope ndi kupinda khungu la kumbuyo, ndipo zizidulidwabe pakatha masabata 6 mpaka 8. Mafuta ndi chlorhexidine ndimagula nthawi yomweyo, chifukwa mu Malichi 2023, Freddy atadutsa, amene analibe mankhwala m'nyumba anakhala opanda mankhwala. Amene muli kufupi ndi Dambo la Njovu, ku Makhanga, ku Bangula ndi madera ena osefukira, dziwiranitu chitunda chimene mudzathawitsire ziweto, ndipo mugwirizane ndi mwini malo mvula isanayambe.

Mvula ikasiya musafulumire kumasuka. Mu Epulo ndi Meyi madzi akamaphwa, msipu wabwino umakhala kumadimba, komwe pansi pakadali chinyezi, ndipo udzu wautali umasunga mame mpaka dzuwa litakwera. Kavalo wa masokosi uja ndimamutulutsa cha m'ma 9 koloko mame atauma, ndipo kumadimba amayamba kupita mu Juni.